Udzudzu wa kwa eni sudikira usiku

Munthu wa kwathu kuno akamakonzekera ulendo wa kunja, nkhawa zake zimadziwika. Pasipoti ituluka liti? Viza andipatsa? Tikiti ndi ndalama zingati? Nanga kukakhala kozizira ndikavala chiyani? Za udzudzu satchula n'komwe, ndipo mukamukumbutsa amangoseka, amvekere: "Ine Mmalawi ndingaope udzudzu wa kwa eni?" Kuseka kwakeko kuli ndi pogwira. Anakulira m'masikito, malungo anadwalapo kangapo, kamwedwe ka mankhwala a LA akukadziwa osawerenga pepala.

Palinso gulu lina. Awa ndi anzathu amene akangoona pa Facebook kapena pa WhatsApp chithunzi cha udzudzu wamizeremizere umene akuti walanda mizinda ya ku Ulaya, mtima umawachoka, mpaka kuyamba kufunsa ngati ulendo umene apatsidwa n'ngoyenera kuuvomera.

Ine ndikuona kuti magulu awiri onsewa akuphonya. Woseka uja akudalira nzeru zimene zimagwira ntchito pa mtundu umodzi wokha wa udzudzu, pamene wamantha uja akuopa chithunzi osadziwa kumene kuli ngozi yeniyeni. Chaka ndi chaka ena mwa ife amapita kunja kukapitiriza maphunziro, kukagwira ntchito, kukalandira chithandizo cha kuchipatala kapena kukakhala nawo pa misonkhano ya mpingo. Choncho nkhaniyi ndi yathu, ndipo ikuyenera kukhala pa mndandanda umodzi ndi pasipoti ndi viza.

Umene tikuudziwa ndi umene sitikuudziwa

Udzudzu umene tinakula nawo ndi wa gulu la Anopheles, wofalitsa malungo. Umaluma makamaka usiku, kuyambira kukada mpaka mbandakucha, ndipo umaswana m'zithaphwi, m'madambo ndi m'minda ya mpunga. N'chifukwa chake masikito onyikidwa m'mankhwala apulumutsa miyoyo yambiri, popeza amatchinga munthu pa nthawi yeniyeni imene mdaniyo amabwera. M'mitu mwathu tsono munakhazikika lamulo lakuti udzudzu ndi nkhani ya usiku, ya kumudzi ndiponso ya dzinja.

Gulu la Aedes silitsata lamulo limeneli. Mitundu yake iwiri ndi imene yavuta mayiko: Aedes aegypti, umene kwawo ndi ku Africa konkuno, ndi Aedes albopictus, wochokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, umene m'manyuzipepala amautchula kuti tiger mosquito. Mitundu yonse iwiri ndi yaing'ono, yakuda, ya mizere yoyera m'miyendo. Imaluma masana, makamaka kukangocha ndi madzulo dzuwa lisanalowe, ndipo imakonda m'akakolo ndi m'mikono. Munthu amalumidwa ali pa siteji ya basi, ali m'kalasi, ali pakhonde kuwerenga, ali mu tenti ya msonkhano kumvetsera ulaliki. Nthawi yonseyo masikito ali kuchipinda, opindidwa bwinobwino, kudikira usiku.

Kaswanidwe kake nakonso n'kosiyana. Aedes sufuna dambo. Timadzi ta m'chitini chotayidwa, m'tayala lakale, m'kambale koikapo mphika wa maluwa, kapena m'ngalande ya denga yotsekeka ndi masamba, timaukwanira. Waukazi umaikira mazira m'mbali mwa chinthucho, pamwamba pang'ono pa madzi, ndipo mazirawo amatha miyezi ingapo ali ouma osafa. Madzi akangowakhudza amaswa, ndipo pakatha masiku 7 mpaka 10 udzudzu watsopano wayamba kuuluka. Uwu ndi udzudzu wa m'tauni, wokonda kukhala pafupi ndi munthu.

Mlendo wobwera ndi matayala

Pawokha udzudzu wa Aedes suuluka mtunda wautali. Nthawi zambiri moyo wake wonse umathera pa mamita mazana ochepa kuchokera pamene unaswedwera. Nyanja zikuluzikulu unawoloka chonyamulidwa ndi anthu. Matayala ogwira kale ntchito amagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, ndipo m'kati mwa tayala ndi mobisala mwabwino mwa mazira ouma aja.

Aedes albopictus unapezeka koyamba ku Ulaya m'dziko la Albania mu 1979. Mu 1985 unapezeka ku Houston, ku America, ndipo mu 1990 unafika ku Genoa, ku Italy, n'kufalikira pafupifupi dziko lonselo m'zaka zotsatira. Ku France unakhazikika mu 2004 kugombe la kum'mwera, kenako n'kumakwera chakumpoto m'magalimoto a anthu apaulendo mpaka kufika ku Paris. Ku Netherlands unalowa ndi timitengo tokongoletsera m'nyumba tochokera ku China, totumizidwa tili m'madzi. Ku Britain mazira ake anapezeka mu 2016 m'chigawo cha Kent, pamalo opumirapo magalimoto ochokera kudoko.

Kuti udzudzuwu ufalitse matenda, umayamba waluma munthu amene ali ndi kachilombo m'magazi. Apa m'pamene wapaulendo amalowera m'nkhaniyi. Mu 2007 munthu wina wochokera ku India anafika m'mudzi wina m'chigawo cha Ravenna, ku Italy, ali ndi kachilombo ka chikungunya. Udzudzu umene unafika kale kumeneko unamuluma, ndipo m'miyezi yochepa anthu oposa 200 anadwala matenda amene anali asanabukepo ku Ulaya. Mu 2010 mumzinda wa Nice, ku France, munapezeka anthu oyamba kudwala dengue osatuluka m'dzikolo. Katundu amabweretsa udzudzu, munthu amabweretsa kachilombo, ndipo ziwirizi zikakumana mliri umayamba.

Matenda enawa, ngakhale timawamva m'nkhani za kunja, anadziwika koyamba kwa aneba athu. Dzina lakuti chikungunya ndi la m'chilankhulo cha Amakonde, ndipo limanena za kupindika kwa munthu chifukwa cha ululu wa molumikizira mafupa. Matendawa anadziwika mu 1952 kum'mwera kwa Tanganyika. Kachilombo ka Zika kanapezeka mu 1947 m'nkhalango ya Zika ku Uganda, n'kudzagwedeza dziko mu 2015 ndi 2016 ku Brazil, kumene amayi ena amene anakatenga ali oyembekezera anabereka ana a mitu yaing'ono ndi ubongo wosakula bwino.

Ngozi ili kuti kwenikweni?

Pa mfundo imodzi ndigwirizane naye woseka uja. Amene akupita ku Paris kapena ku Rome asaganize kuti akupita kumoto. M'dziko limodzi la ku Ulaya, anthu otenga dengue kapena chikungunya ali komweko amawerengeka m'makumi kapena m'mazana pa chaka, ndipo izi zimachitika m'miyezi yotentha ya kumeneko. Kwathu kuno odwala malungo amawerengeka m'mamiliyoni. Munthu wa ku Nkhotakota kapena ku Chikwawa akakana mwayi wa maphunziro ku Ulaya poopa udzudzu, ndiye kuti waopa chithunzithunzi chake chomwe.

Koma Amalawi ambiri sapita ku Paris. Amapita ku India kukaphunzira ndi kukachiritsidwa, amapita ku Philippines, ku Malaysia, ku Brazil, ku Mombasa, komanso ku Dar es Salaam kukatenga magalimoto ndi katundu wa bizinesi. Konseku dengue ndi mwinimudzi. Bungwe la World Health Organization limati pafupifupi theka la anthu a padziko lonse amakhala m'madera amene angatengeko matendawa. Mu 2024 dziko la Brazil lokha linalemba odwala oposa 6 miliyoni. Ku Dar es Salaam kunabuka miliri ya dengue mu 2014 ndi mu 2019, ndipo mu 2014 momwemo matendawa anavuta ku Pemba ndi ku Nampula, kumpoto kwa Mozambique. Kumeneku munthu amafikako pa basi, osafunika kukwera ndege.

Choopsa cha dengue kwa Mmalawi n'chakuti imayamba ngati malungo: kutentha thupi kwambiri, mutu, kuphwanya m'thupi, kuwawa kuseri kwa maso, nthawi zina ndi zidzolo. Chizolowezi chathu tikamva choncho ndi kuthamangira kugolosale kukagula mankhwala amene tikuwadziwa. Mankhwala a LA sapha kachilombo ka dengue. Asipirini ndi Brufen, amene ambiri timawadalira pa kuphwanya kwa thupi, amawonjezera ngozi yotaya magazi. Ololedwa ndi Panado yekha, pamodzi ndi kumwa madzi ambiri ndi kuonana ndi dokotala.

Ambiri amachira pakatha mlungu umodzi kapena iwiri. Koma kwa ena ngozi imabwera pa nthawi imene thupi layamba kuzizira, wodwala n'kumaganiza kuti wachira. Mitsempha ya magazi imayamba kutaya madzi, m'mimba mumapweteka kwambiri, kusanza sikuleka, magazi amatuluka m'nkhama kapena m'mphuno. Zikafika apa, munthu ayenera kugonekedwa m'chipatala tsiku lomwelo. Komanso kachilombo ka dengue kali ndi mitundu 4, ndipo wodwala kachiwiri ndi mtundu wina ndi amene amakhala pa chiopsezo chachikulu. Wophunzira amene akakhale zaka zinayi ku India kapena ku Philippines ali ndi nthawi yokwanira kulumidwa kawiri.

Zonyamula ndi zochita

Akuluakulu anati safunsa adadya phula. Choyamba n'kufunsa achipatala, ulendo usanafike, za matenda a kumene mukupita ndi nyengo imene amavuta. Kufunsako kuchitike kutatsala milungu inayi kapena kuposerapo, chifukwa katemera safulumira kugwira ntchito.

Chachiwiri ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu. Powagula muyang'ane pa botolo ngati muli DEET wa maperesenti 20 mpaka 50, kapena picaridin wa maperesenti 20. Amadzoledwa m'malo osavalidwa, m'mawa ndi madzulo, ndipo thukuta likawachotsa adzoledwenso. Malaya a manja aatali, thalauza kapena siketi yaitali ndi masokosi zimathandiza, makamaka zikakhala zosathina, chifukwa udzudzu umaboola nsalu yomata thupi. Wina anena kuti mankhwalawa ndi odula, ndipo sakunama. Koma kumbukirani kuti m'mayiko ambiri a eni mulibe chipatala cha boma chimene mlendo amangolowa ulere monga tinazolowerera kwathu. Mtengo wa botolo limodzi sungafanane ndi wa usiku umodzi m'chipatala cha kunja. Masikito nawo asatsale. M'mayiko ambiri otentha malungo alipo, ndipo wogona masana amafunika masikito monga wogona usiku.

Chachitatu ndi katemera wa yellow fever, matenda ena ofalitsidwa ndi Aedes. Amapezeka m'mayiko monga Uganda, Ethiopia, Ghana, Nigeria, Angola, Democratic Republic of Congo ndi Brazil, ndipo pafupifupi theka la anthu amene afika powadwala kwambiri amamwalira. Katemera wake ndi wobaya kamodzi, chiphaso chake chimayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10, ndipo kuyambira mu 2016 chimagwira ntchito moyo wonse. Pa nkhani imeneyi ndilankhule mosapsatira. Alipo anthu amene amagula kabuku kachikasu kodindidwa kale, osabayitsa, pofuna kungodutsa pabwalo la ndege. Kabuku kotero kanganamize wa pachipata, koma udzudzu suwerenga chidindo. Mliri umene unabuka ku Luanda kumapeto kwa 2015 unafalikira ku Congo, ndipo anthu ena amene ankagwira ntchito ku Angola osabayitsa anafika nawo mpaka ku China. Wogula kabuku amaika pangozi moyo wake ndi wa anthu amene akawapeze pobwerera.

Amayi oyembekezera ndi mabanja amene akufuna mwana afunse mwapadera za Zika asanapite ku South America, ku zilumba za Caribbean kapena ku Asia, popeza kachilomboka kamathanso kupatsirana pakati pa mwamuna ndi mkazi.

Zoluma zina tisaziiwale. Ku Ulaya ndi ku North America, nkhupakupa za m'tchire ndi m'maudzu zimafalitsa matenda a Lyme. Ife okonda kukayenda m'nkhalango masana a Sabata kapena kugona m'matenti tizidziyang'ana thupi lonse pobwerera. Nkhupakupa ikapezeka, igwidwe pafupi ndi khungu ndi kopanira kosongoka n'kukokedwa pang'onopang'ono, osaiwotcha kapena kuithira mafuta. Pakatuluka chibanga chofiira chomakulirakulira, pitani kuchipatala. Nsikidzi, zimene zinachititsa phokoso lalikulu ku Paris mu 2023, zimayabwitsa ndi kusowetsa tulo koma sizidziwika kuti zimafalitsa matenda. Zimangofuna kuyang'ana m'misoko ya matiresi ndi kusaika chikwama pabedi, kuopa kubwera nazo kuhositelo.

Ulendo wobwerera

Ngozi ina imene ambiri saiganizira ili pobwerera kumudzi. Munthu wobwera kuchokera ku Dar es Salaam kapena ku Delhi akatentha thupi, kuchipatala amuyeza malungo, chifukwa ndi amene amavuta kwathu. Zotsatira zikasonyeza kuti alibe, n'zotheka kubwerera kunyumba osadziwa chimene chikumudwalitsa. Ndi udindo wa wodwala kunena yekha, asanafunsidwe, kuti anali kuti ndipo anabwera liti. Dengue imaonekera pasanathe milungu iwiri chilumidwire. Pa masiku odwalawo agone m'masikito usana ndi usiku, chifukwa Aedes aegypti kwathu kuno uliko, ndipo palibe amene angakonde kukhala munthu wa ku Ravenna wa m'dera lake.

Kwa amene wakhala kunja nthawi yaitali, mdani ndi udzudzu wakale womwe uja. Mphamvu imene thupi la munthu wamkulu wa kuno lili nayo yolimbana ndi malungo imabwera chifukwa cholumidwa kawirikawiri, ndipo kulumidwako kukaleka, mphamvuyo imayamba kuchepa. Wokhala zaka zingapo ku London kapena ku Johannesburg, kumene kulibe udzudzu wofalitsa malungo, amabwera kumudzi ndi thupi losiyana ndi limene anachoka nalo. Ana ake obadwira kunjako alibiretu chitetezo chilichonse. Mu 2023 ku Britain kunapezeka odwala malungo oposa 2,000 amene anawatenga kunja, ndipo ambiri mwa iwo anali anthu amene anapita kukaona abale awo ku Africa. Mankhwala oteteza alipo, monga doxycycline ndi atovaquone-proguanil, amene dokotala amalembera munthu asananyamuke. Chimene chimalepheretsa ambiri ndi manyazi, kuopa kunenedwa kuti wasanduka mzungu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ifenso olandira alendo tisamaseke m'bale wathu akamamwa mankhwala kapena akapempha masikito. Timupachikire asanapemphe.

Mawa chili pa ife

Tikamamva za udzudzu wolowerera mayiko a eni, tisaganize kuti Africa ndi yongotumiza. Anopheles stephensi, udzudzu wofalitsa malungo wa ku India ndi mayiko a Aluya, unapezeka ku Djibouti mu 2012. Chaka chimenecho dzikolo linali ndi odwala malungo 27 okha, ndipo linatsala pang'ono kuwathetseratu. Pofika mu 2020 odwala anaposa 70,000. Udzudzuwu unapezeka ku Ethiopia ndi ku Sudan mu 2016, ku Somalia mu 2019, ku Nigeria mu 2020, ndipo ku Kenya ndi ku Ghana mu 2022.

Kuopsa kwake n'kwakuti umafalitsa malungo koma umaswana ngati Aedes, m'mathanki, m'migolo ndi m'madzi osungidwa pamalo omanga nyumba. Sudikira dzinja ndipo umakonda m'tauni. Mu 2022 mzinda wa Dire Dawa, ku Ethiopia, unakumana ndi mliri wa malungo m'nyengo yopanda mvula, ndipo ena mwa odwalawo anali ophunzira a pa yunivesite ya mumzindawo. Taganizirani matauni athu, kumene madzi a m'mipope amadukaduka ndipo nyumba iliyonse ili ndi mgolo kapena zidebe zosungiramo madzi. Kuchokera ku Kenya kufika kwathu ndi ulendo wa masiku ochepa pa lole. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Komabe mbiri ikusonyeza kuti mlendo wotere amagonjetseka anthu akagwirana manja. Mu 1930 udzudzu wa ku Africa wa gulu la Anopheles gambiae unapezeka ku Natal, kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, utawoloka nyanja pa sitima. Mu 1938 unayambitsa mliri wa malungo umene unapha anthu zikwizikwi. Boma la Brazil ndi bungwe la Rockefeller Foundation anatumiza antchito kuyendera chithaphwi chilichonse ndi nyumba iliyonse, ndipo pofika mu 1940 udzudzuwo unatheratu m'dzikolo. Chimene chinaugonjetsa ndi khama loyendera malo amodzimodzi mlungu ndi mlungu osatopa.

Ndikupempha zinthu ziwiri kwa akuluakulu a koleji ndi atsogoleri a mipingo yathu. Gulu lililonse lotumidwa kunja, kaya kwaya, kaya achinyamata opita kumsasa, kaya wophunzira mmodzi wopita kukapitiriza maphunziro, lizikhala pansi ndi wazachipatala lisananyamuke, ndipo kabuku ka katemera kaziyang'anidwa monga momwe pasipoti imayang'anidwira. Pakati pathu pali anamwino ndi madokotala, choncho sipafunika ndalama. Chachiwiri, Lachisanu lililonse pamene tikukonza malo pokonzekera Sabata, anthu awiri kapena atatu azizungulira mahositelo, nyumba za aphunzitsi ndi tchalitchi, kukhuthula zitini ndi mabotolo, kuboola kapena kuchotsa matayala akale, kutsuka m'mbali mwa migolo ndi kuivindikira. Popeza dzira limasanduka udzudzu pakatha pafupifupi mlungu umodzi, kuzungulira kamodzi pa mlungu n'kokwanira kuudula usanauluke, ndipo ntchito yake ndi ya theka la ola basi.